BISANI MATENDA, MALIRO TIDZAMVA

(Mawu amene mmodzi wa ife adayankhula pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu ku Mulanje)



A Mlembi atandipempha kuti ndidzayankhule za Edzi ndidayamba ndakana, pakuti ine sindine dotolo, ndine wantchito wa m'boma chabe. Koma usiku womwewo ndidatulutsa chithunzi chathu cha Folomu 4 cha 1998 ndi kuyamba kuwerenga nkhope. Tidalipo 44. Mwa amenewa, 12 adatisiya, ndipo ambiri mwa iwo tidangouzidwa kuti adadwala nthawi yayitali. M'mawa mwake ndidavomera.

Ndiyambe ndi kwathu. M'chaka cha 1995, ndili Folomu 1, mbiri idawanda yoti ku Machinga kuli bambo Billy Chisupe amene akumwetsa mankhwala otchedwa mchape. Amalume anga, amene ankagwira ntchito ku esiteti ya tiyi, adagulitsa njinga yawo nakwera lole pamodzi ndi khamu la anthu. Adabwerako akusangalala. Chaka chotsatira tidawaika m'manda. Pamaliro akuluakulu adati ndi tsempho, ena adati adalodzedwa chifukwa cha ukapitawo. Patapita miyezi 14 akazi awo adatsatira, ndipo ana awo atatu adabwera kudzakhala kwa mayi anga. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adatchula dzina la matendawo. Tinkangoti kaliwondewonde, kapena matenda a boma, kapena "zomwezi".

Chonsecho mliriwu sudali wachilendo. Wodwala Edzi woyamba m'Malawi adapezeka mu 1985. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mwa amayi oyembekezera 100 amene adayezedwa chaka chimenecho, awiri okha ndiwo adali ndi kachirombo. Pofika 1993 adali pafupifupi 30. Madotolo ankadziwa, koma masiku amenewo nkhani zotere sizinkakambidwa poyera.

Kuno ku Mulanje moto udapeza udzu wouma. Malo olima ndi ochepa, motero abambo ambiri amachoka pakhomo kukasaka ganyu m'maesiteti, ku Blantyre ngakhale ku Joni, namatha miyezi osaona mabanja awo. Msewu wopita kuchipata cha Muloza umabweretsa malole ndi malonda, ndipo tonse tikudziwa zimene zimachitika pa Chitakale ndi pa Limbuli tsiku la malipiro. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti m'dziko lonse anthu pafupifupi 9 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 adali ndi kachirombo, koma m'boma lathu lino adali munthu mmodzi mwa asanu aliwonse.

Amene tidayamba ntchito chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 tikukumbukira. Galimoto ya ofesi inkanyamula mabokosi a maliro kuposa mafayilo. Sabata sinkatha popanda pepala la chipepeso kuzungulira m'madesiki. Akalipentala adasiya kukhoma mipando nayamba kukhoma mabokosi. Sukulu zidataya aphunzitsi, zipatala zidataya anamwino, odwala chifuwa chachikulu nkumagona pansi m'mawodi. Kumudzi agogo adayambanso kulera makanda pa msinkhu woti aleredwe iwowo.

Zinthu zidasintha mu 2004. M'chaka chimenecho Pulezidenti Bakili Muluzi adaulula poyera kuti mchimwene wake adamwalira ndi Edzi, ndipo boma lidayamba kupereka ma ARV kwaulere ndi thandizo la Global Fund. Mu 2011 Malawi lidakhala dziko loyamba kulamula kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachirombo ayambe mankhwala nthawi yomweyo ndi kumwa moyo wake wonse, njira imene maiko ena adatengera kwa ife. Lero munthu wamkulu amangomwa mbulu umodzi patsiku. Akamamwa mokhulupirika, tizirombo timachepa m'magazi kufikira poti sangapatsire mkazi kapena mwamuna wake. Mankhwalawa alipo kuchipatala cha pa Boma, ku Mulanje Mission ndi m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi. Amalume anga akadadwala zaka khumi pambuyo pake, bwenzi lero akusewera ndi zidzukulu.

Tsono, anzanga, nachi chimene chandiimitsa pano. Mwa anthu 12 aja, womaliza tidamuika mu 2022, patapita zaka 18 chiyambire mankhwala aulere. Dzina sinditchula. Adali mnzanga wa pabedi loyandikana ku hositelo, tidapitira limodzi ku Chancellor College, adali ndi udindo wabwino ndi galimoto yake. Ankadziwa mmene alili. Koma ankaopa kuima pamzere pamene amesenjala a ku ofesi kwake angamuone, choncho ankakatengera mankhwala kuboma lina lakutali, nkumawabisa m'galimoto kuti mayi a kunyumba asadziwe. Ntchito ikachuluka ankadumphitsa mwezi, kenaka miyezi. Nditakamuona kuchipatala adandigwira dzanja nandiuza zonse. Ndidamufunsa chifukwa chake sadandiuze kale. Iye adati, "Achimwene, mukadandiona bwanji?"

Funso limenelo limandisowetsa tulo, chifukwa ndikudziwa nthabwala zimene ineyo ndinkanena tikakhala pa mowa, za anthu "a mayunitsi". Iye ankaseka nafe limodzi. Akuluakulu adati bisani matenda, maliro tidzamva, koma sadatiuze kuti nthawi zina wobisayo amabisa chifukwa cha pakamwa pathu.

Kafukufuku wa 2020 ndi 2021 adaonetsa kuti mwa anthu 100 amene ali ndi kachirombo m'Malawi, 88 akudziwa, ndipo abambo ndiwo akutsalira m'mbuyo. Amayi amayezedwa kusikelo. Ife abambo timadikira zotsatira za akazi athu nkumati ndi zathu zomwe. Mayi wothyola tiyi amaima pamzere mopanda manyazi ndipo ali moyo, pamene ife a madigiri tikufa ndi ulemu wathu.

Tisaiwalenso kuti mankhwalawa akhala akugulidwa kwakukulukulu ndi ndalama za maiko akunja. Mu Januwale 2025 dziko la America lidaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lambiri, ndipo ena mwa amene ankalondola odwala osiya mankhwala m'midzi ntchito yawo idaima. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakokolola nyumba ndi milatho kuno ndi ku Phalombe, anthu nataya mabuku a kuchipatala pamodzi ndi mankhwala awo. Zimene tidapindula zikhoza kutipulumuka ngati tigona.

Ndili ndi mapempho atatu. Loyamba, aliyense wa ife akayezetse chaka chino chisanathe, ndipo apite ndi akunyumba kwake. Ine ndi mayi a kwathu tidatero mwezi wathawu, ndipo mtima udagunda ngati tsiku la zotsatira za M.S.C.E., koma tidatuluka tikudziwa.

Lachiwiri, tisiye nthabwala zija. Simudziwa amene wakhala pafupi nanu.

Lachitatu likupita kwa a Msungichuma. Thumba lathu limatulutsa ndalama msanga pakagwa maliro. Ndikupempha kuti pamsonkhano uno tigwirizane zopatula gawo lina lolipirira fizi ana a anzathu amene adatisiya. Mnzanga uja adasiya mtsikana amene ali Folomu 2. Nkhata za maluwa tidagula zokwanira.

Ana atatu a amalume anga aja, mmodzi ndi namwino tsopano, ndipo ndi iye amene adandiphunzitsa zambiri mwa zimene ndanenazi. Adafika pamenepo chifukwa mayi anga sadafunse kuti makolo ake adafa ndi chiyani, adangowonjezera madzi mumphika wa nsima.