Tikachuluka, Ndani Akudumphidwa?

 Mawu athu achokera m'buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 6, ndime 1 mpaka 7. Mukawerenge nokha madzulo ano.

Dandaulo loyamba mu mpingo wa ku Yerusalemu linabuka pamene ophunzira anali kuchuluka. Akazi amasiye olankhula Chigiriki ankadumphidwa pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Sindikhulupirira kuti panali wina amene anakonza zowazunza. Manja ogawa anali omwe aja, koma odya anali atawonjezeka.

Ine ndimatumikira pa kampingo kena kunja kwa tauni ya Chipata. Pamene ndinayamba kutsogolera mapemphero kumeneko, tonse tinkakwana pa mabenchi asanu. Lero ana amakhala pamphasa kutsogolo, anyamata amamvera ulaliki ali pazenera. Tikuthokoza Mulungu. Koma Abambo wansembe ali ndi mipingo ingapo, kwathu amafika kamodzi pa miyezi iwiri, ndipo mafuta a njinga yawo yamoto timasonkha ndife. Mbale ya chopereka ndi imodzi. Mu mbale yomweyo muchoke vinyo ndi mkate wa Mgonero, muchoke makandulo, gawo la ku dayosizi, thandizo la pamaliro, muchokenso malata. Ndipo mukukumbukira chilala cha 2024, pamene boma linalengeza pa 29 February kuti dziko lili pa tsoka. Amene ankabwera ndi chitini cha chimanga atakolola, chaka chimenecho anabwera chimanjamanja.

Chaka chomwecho ife tinali pa ntchito yokulitsa tchalitchi. Tinaumba njerwa, tinawotcha, ndipo msonkhano uliwonse unali wa simenti ndi malata. Panali agogo ena amasiye amene ankakhala pafupi ndi khomo chifukwa cha miyendo. Cha m'nyengo ya Pentekoste anasiya kubwera. Pamalo pawo panakhala munthu wina, benchi silinaoneke kuti laperewera. Ndinadzidzimuka pamene mdzukulu wawo anafika pakhomo panga kudzanena za maliro. Anadwala miyezi isanu. Anapempha Mgonero, koma uthengawo sunatipeze. Abambo anabwera kawiri m'miyezi imeneyo, ndipo kawiri konse tinawasunga mu komiti mpaka dzuwa kupendeka, tikukangana za mtengo wa malata.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ine ndinali mphunzitsi. Zaka zoposa 30 ndinkaitana mayina m'kaundula m'mawa uliwonse, ndipo mwana akajomba masiku atatu ndinkatuma mnzake kukamuona. Ana a eni ndinkawawerenga. Nkhosa za Ambuye sindinaziwerenge.

Taonani zimene atumwi anachita. Sanatseke khomo kuti anthu akwana. Sanasiyenso kupemphera ndi kulalikira kuti iwo okha azigawa chakudya. Anauza mpingo kuti usankhe amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino, ndipo mukawerenga mayina awo, kuyambira Stefano ndi Filipo mpaka Nikolao wa ku Antiokeya, onse ndi mayina a Chigiriki. Zikuoneka kuti ntchito inaperekedwa kwa anthu a mbali imene inali kudandaula. Luka sakutiuza kuti ndalama zinawonjezeka. Amene anawonjezeka ndi ogwira ntchito. Akuluakulu athu anati mutu umodzi susenza denga.

Ife a Anglican kuno kum'mawa sitiyenera kudabwa nazo. Dayosizi yathu inakhazikitsidwa mu 1995, koma muzu wake uli ku Msoro, kumene Abambo Leonard Kamungu, ochokera cha ku Nkhotakota, anayamba ntchito pakati pa Akunda. Anatumikira zaka zochepa chabe, namwalira mu 1913. Tchalitchi cha Luka Woyera chimene chili ku Msoro lero chinabwera pambuyo. Poyamba panali munthu woyenda m'midzi, pamodzi ndi aphunzitsi omuthandiza.

Titaika maliro aja tinakhala pansi. Tinagawa mpingo m'magawo anayi monga mwa midzi, ndipo gawo lililonse lili ndi munthu wosunga kope la mayina. Awiri mwa iwo ndi amayi a Mothers' Union, mmodzi ndi mnyamata amene kale ankaima pazenera. Munthu akasowa Masabata awiri, wina amapita kukagogoda. Tinagwirizananso kuti ndalama yoyamba kuchoka m'mbale ikhale ya mafuta a Abambo, ndipo akafika, ayambe ayendera odwala, komiti pambuyo. Zotsala ndizo za malata.

Si onse anakondwa. Mkulu wina wa mpingo, munthu amene anasenza yekha mchenga pa ngolo yake, anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, mvula ikagwa mu Novembala, makope anuwo atifunditsa?" Sanalakwe. Mpaka lero theka la tchalitchi lilibe denga, ndipo mvula ikayamba pakati pa ulaliki timathinana mbali imodzi, ana akulira, mabuku a nyimbo tikuwabisa m'malaya. Sindinganame kuti zimenezi n'zokoma.

Sabata likudzali, musanayambe nyimbo yoyamba, tayang'anani pa benchi lanu. Kumbukirani amene ankakhala pamenepo chaka chatha. Ngati simukumuona, funsani kumene ali, ndipo mukaweruka mudzere kwawo musanakadye nsima.

Tipemphere. Ambuye Yesu, mumadziwa nkhosa zanu iliyonse ndi dzina lake. Tikhululukireni chifukwa cha amene tinawadumpha, ndipo mutipatse manja okwanira anthu amene mwatitumizira. Amen.