Za Kuleka Mankhwala Aukali Oletsa Ululu

Mau olankhulidwa kwa anthu a m'midzi ya ku Diamphwe



Masiku ano odwala ena amabwerako ku chipatala ndi mankhwala aukali oletsa ululu. Ena amalandira morphine wamadzi wa m'botolo, makamaka odwala khansa. Ena amalandira mapiritsi a tramadol kapena codeine. Ndi mankhwala abwino ndithu, koma thupi limawazolowera. Tsono munthu amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa milungu ingapo, akaleka mwadzidzidzi, amadwala.

Nthendayi imayamba kawirikawiri pasanathe maola 24. Munthu amangoyasamula, misozi ndi mamina zili chuchuchu, thukuta lili kamukamu. Pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndiye pamafika povuta: m'mimba mumapotokola, amasanza, amatsekula, thupi limaphwanya, ndipo tulo sawona. Kwa ambiri zimatha pakati pa masiku 4 ndi 10.

Achibale poona zotere amati ndi malungo, ena amati wodwalayo amulodza. Si ufiti ai, ndiponso munthuyo sanachite chamanyazi. Thupi likungofuna chimene linazolowera. Komabe ngati thupi latentha, akamuyeze magazi, pakuti malungo nawo amadza chimodzimodzi. Wotsekula m'mimba amwe madzi a Thanzi ORS pafupipafupi.

Wofuna kuleka ayambe wakafunsa ku chipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje. Dokotala amachepetsa muyeso pang'onopang'ono, kotero kuti thupi silidzidzimuka. Ena amaleka osafuna, chifukwa botolo latha pamene mtsinje wa Diamphwe wadzaza ndipo njira zaterera. Choncho nyengo ya dzinja womudwazika aziyang'ana botolo, nakatenge ena akadalimo.

Koma choopsa choposa zonse ndi ichi. Munthu akakhala masiku angapo osamwa, kuzolowera kuja kumachoka. Akabwerera ku muyeso wake wakale, amene kale sunali kumuvuta, akhoza kuleka kupuma ali m'tulo, makamaka ngati wamweranso kachasu. Zizindikiro zake ndi tulo tosadzutsika, kupuma patalipatali, ndi mwana wa diso kuchepa ngati kadontho. Wotere asamusiye kuti agone. Amunyamule msanga kunka naye ku chipatala, pakuti alipo mankhwala otchedwa naloxone amene amabweza mphamvu ya morphine. Anyamulenso botolo kapena mapiritsi otsalawo kuti dokotala akaone chimene wamwa.