Khunyu, Ubongo ndi Masese a Nkhumba

Ndabwera ndi nkhani ya khunyu, koma ndiyambira pa mafuwa.

Amayi, mukakhudza chivundikiro chotentha, dzanja limathawa musananene n'komwe kuti "mayo!" M'khungumu muli mitsempha yomva kutentha. Si ya magazi ayi, ndi timaulusi toyera tonyamula uthenga. Uthengawo umathamangira m'fupa la msana, momwe mumadutsa chingwe chofewa chochokera ku ubongo, ndipo chingwecho chimabweza dzanja ululu usanafike kumutu. Pa chingwe chimenechi pamatuluka mitsempha 31 kumanja ndi 31 kumanzere, yopita m'manja, m'chifuwa mpaka kuzala zakumiyendo. N'chifukwa chake wothyoka msana pa ngozi ya njinga yamoto amalephera kuyenda, miyendo ili yabwinobwino.

Ubongo wokha sukwana kilogalamu imodzi ndi theka, koma ndiwo mwini mudzi. Gwirani kunkhongo kwanu: mbali imeneyo ndiyo imaona. Mbali yakumanzere ya ubongo imayendetsa dzanja ndi mwendo wakumanja. Zonsezi zimayenda ndi timagetsi tating'ono, mwadongosolo, ngati anthu olankhula mmodzimmodzi pabwalo. Tsiku lina onse akayamba kukuwa pamodzi, munthu amagwa, kuuma thupi, kuphupha ndi kutuluka thovu. Khunyu ndi imeneyo.

Zoyambitsa n'zambiri: malungo ogwira ubongo, kuvulala m'mutu, kubadwa movutikira. Koma kuno kum'mawa tili ndi china, ndipo chimandipweteka mtima chifukwa n'chopeweka. Mumawadziwa masese, timatuza toyera ngati mpunga tija mumationa m'nyama ya nkhumba kapena kunsi kwa lilime lake. Mukadya nyama yotero yosapsa bwino, m'matumbo mumamera njoka yaitali yaphanthiphanthi, yomwe mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Munthu akadzithandiza kutchire, nkhumba zoyenda zokha zimadya, n'kugwidwa masese. Tsono mvetsetsani apa. Mazira omwewo akafika m'kamwa mwa munthu, kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena pa ndiwo zamasamba, masese amamera mwa munthuyo, ndipo ena amakakhala mu ubongo. Ngakhale amene sadya nkhumba angathe kudwala. Bungwe la WHO limati kumadera onga athu ano, pa anthu 10 a khunyu, atatu amadwala chifukwa cha njoka imeneyi. Kwa anzathu ku Katete, kafukufuku wofalitsidwa mu 2015 anapeza zizindikiro za masese mu ubongo mwa oposa theka la odwala khunyu amene anapimidwa.

Ndinaonapo mtsikana wopsa dzanja mpaka zala kumatirirana. Anagwera pamoto akuphika, ndipo anthu anaima patali poopa kuti thovu liwapatsira matenda. Abale anga, khunyu sapatsirana, kaya ndi thovu, kaya ndi mpweya woipa. Munthu akagwa, mchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, muikireni chitenje kumutu, ndipo kuphupha kukatha mugonekeni cham'mbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamupanikize, musamumwetse kanthu. Zikapitirira mphindi 5, thamangani naye kuchipatala. Mankhwala alipo, monga phenobarbitone ndi carbamazepine, ndipo ambiri amaleka kugwa akamamwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Yambirani ku kiliniki yathu. Kukafunika adzakutumizani ku Chipata Central kapena ku Mwami.

Nkhumba sindikuletsani, ndi chuma chathu. Koma zikhale m'khola, nyama yamasese isagulitsidwe, ndipo yotsalayo ipse mpaka m'kati. A mfumu, ndikupempha kuti mvula isanagwe khomo lililonse likhale ndi chimbudzi chotseka bwino, ndi madzi ndi sopo pakhomo pake. Amene muli ndi mwana wakugwa kunyumba, musachoke msanga, tikambirane tikatha pano.