Maimidwe a Wophunzira Gofu

Lero tikambe za gofu, masewera aja omenya kampira koyera ndi ndodo kufikira katalowa m'dzenje.

Dziko lathu lisanalandire ufulu m'caka ca 1964, mabwalo a gofu a ku Nchanga, Nkana, Mufulira ndi Luanshya anali a Azungu, ndipo gawo la eni dziko linali kusenza matumba a ndodo. Pambuyo pace zipata zinatseguka. Dr. Kenneth Kaunda anali kusewera gofu, ndipo m'caka ca 2006 Madalitso Muthiya anakhala munthu woyamba wa m'Zambia kusewera mpikisano waukuru wa U.S. Open. Komabe ophunzira ambiri aleka msanga. Mipira imene anagula ndi ndarama zao itayika m'chire, msana uwawa, manyazi nawagwira. Cifukwa cace ndi cimodzi: ayesa kuti mphamvu iri m'mikono, pamene iri m'maimidwe.

Mpira wa gofu ndi waung'ono, mamilimita 43 okha m'mimba mwace, ndipo nkhope ya ndodo ndi yocepa kuposa cikhatho canu. Mutu wa ndodo uyenera kubwerera pa malo omwewo pamene unacokera. Munthu akadzandira pang'ono pokha, amenya nthaka kapena apala mpira pamwamba.

Tsono imani motere. Tagadani miyendo kuti mapazi alingane ndi mapewa. Weramani ndi ciuno, osati ndi msana, mucite ngati mufuna kukankha citseko ndi mbuyo yanu. Pindani maondo pang'ono. Mikono ilendewere yokha pansi pa mapewa, ndipo pamene manja akomana ndi pomwe mugwire ndodo. Kulemera kwa thupi kukhale pakati pa phazi: kukapita ku zala mudzagwera kutsogolo, kukapita ku zidendene mudzagwa cagada. Cibwano cisagunde pa cifuwa, kuti phewa lipeze njira yopita kunsi kwace.

Inu a kwa Mwase mudziwa zida ziwiri, khasu ndi cikwakwa. Khasu likwera ndi kutsika kutsogolo kwa munthu, ndipo wophunzira amene amenya mpira monga alikulima mzera wa nsawa angokumba dothi. Mphunzitsi wanu akhale cikwakwa. Taonani munthu wodziwa kucheca udzu pa mseu: mapazi ace ali nji, thupi litembenuka, mikono ingotsata, ndipo agwira nchito kufikira dzuwa litafika pamutu osatopa. Gofu ndi momwemo. Pobweza ndodo kumbuyo tembenuzani mapewa kufikira msana utaloza kumene mpira uyenera kupita, kulemera kuli m'kati mwa phazi lamanja. Potsika, ciuno ciyambe, kulemera kusamukire ku phazi lamanzere, ndodo idze pambuyo. Amene ali amanzere asinthe mau awa.

Musati mudziyese ocepa msinkhu. Ian Woosnam wa ku Wales, mwana wa mlimi, ndi munthu wa masentimita 164 okha, koma anali kumenya mpira kutali kupambana anzace ambiri atali. Anapambana Zambia Open m'caka ca 1985, ndi Masters ku America m'caka ca 1991. Cimene cinamthandiza ndi miyendo yokhazikika ndi thupi lodziwa kutembenuka.

Kodi mudzadziwa bwanji kuti mwaima bwino? Umboni uli pothera. Mutamenya, khalani osasuntha, muwerenge kufikira 3. Lamba wanu aloze kumene mpira wapita, thupi lonse litsamire pa mwendo wamanzere, phazi lamanja litaima pa zala. Ngati mwapepesuka kapena mwaponda pena, mwamenya ndi mphamvu yoposa imene miyendo yanu ikhoza kusenza. Cepetsani. Akuru anati kuthamanga si kufika.

Kuphunzira izi sikulira bwalo, ngakhale mpira. Kucokera ku boma la Lundazi kufika ku bwalo la gofu la ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 180, koma amene ali pa chuthi kwa Mwase akhoza kuyesera kuseri kwa nkhokwe. Coyamba, ikani mpini woongoka kumsana kuti ukhudze nkhongo, pakati pa mapewa ndi ciuno, ndipo weramani mpini osacoka pa malo atatuwo. Caciwiri, phatikizani mapazi pamodzi, muyendetse ndodo uku ndi uku mofatsa, ikupala nsonga za udzu. Wogwiritsa mikono yokha adzagwa nthawi yomweyo, ndipo thupi lace lidzamuuza coona cimene mnzace akanaopa kumuuza. Mphindi 10 tsiku ndi tsiku zikwanira. Onani kokha kuti pafupi palibe mwana, pakuti ndodo iribe maso. Ndipo msana ukapitirira kuwawa, lekani, mukaonane ndi a cipatala. Ndi msana womwewo umene udyetsa banja lanu.

Yambani ndi mapazi, anzanga, kutalika kwa mpira kudzabwera kokha.