Za Obwera ndi Eni Mudzi: Mau Olalikidwa ku Namitambo

Abale ndi alongo, akulu a mpingo, ndi inu mafumu amene mwatilemekeza pokhala nafe m'mawa uno, tili ndi mlandu umene sitikhoza kuulambalala. Mwezi wathawu anamwalira mwana wa banja lina limene linadza pakati pathu mudzi wao utakokoloka ndi namondwe wa Freddy m'chaka cha 2023. Mudziwa nonse kuti maliro aja anagona masiku awiri anthu ali kutsutsana za manda, ndipo adzukulu anakhala pansi ndi makasu ao osadziwa pokumba. Mau amene anamveka pasiwa ndiwo akuti, Amenewa ndi obwera. Tsono tifuna kufunsana lero: kodi midzi yathu ino inayamba bwanji, ndipo mwini wake ndani?

Dziko lino, kuyambira kuphiri la Chiradzulu kufikira kuchigwa cha Phalombe, kale munali Amang'anja, olima mapira ndi thonje, osula makasu. Cha m'ma 1860 anafika Ayao, iwonso atapirikitsidwa kwao ndi nkhondo ndi njala. Ndipo kudza kwao sikunali kwa mtendere, pakuti masiku amenewo anthu anali kugwidwa ndi kugulitsidwa. M'mwezi wa Julayi 1861 Bishopu Mackenzie ndi Livingstone anamasula gulu la akapolo pamudzi wa Mbame, napita nao ku Magomero, kumpoto kwa kuno. Taganizani za anthu amenewo. Sanali pachibale, chimene chinawalunzanitsa ndicho goli limene linali m'khosi mwao dzulo lake, ndi linga limodzi logonamo. Koma mudziwo sunakhalitse. Kamwazi anagwira anthu, chakudya chinachepa, Bishopu anamwalira mu Januwale 1862, ndipo chaka chomwecho amishoni anatsikira kwa Chibisa ku Shire. Tsoka linawasonkhanitsa msanga, koma sanapate nthawi ya kumera mizu.

Ambiri a ife m'nyumba muno tili zidzukulu za anthu amene anadza pambuyo pake. Alomwe anayamba kuoloka malire mochuluka kumapeto a zaka za m'ma 1890 ndi m'zaka zotsatira, pothawa njala, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Anadza mabanja mabanja, mbeu zili m'mitanga, napempha malo kwa mafumu amene anawapeza. Ena nakhala m'minda ya Azungu, monga ya Bruce ku Magomero, kumene mtengo wa pomanga nyumba unali thangata. Anatchedwa dzina lonyoza lija lakuti Anguru, kotero kuti ambiri anachita manyazi kuphunzitsa ana ao chinenero cha makolo. Linafika chaka cha 1943 pamene Lewis Bandawe ndi anzake anayambitsa bungwe la Alomwe, napempha Boma kuti dzinalo lileke. Inde abale, mau aja akuti obwera anayamba agwera agogo athu, asanatuluke m'kamwa mwathu.

Nanga anthu a zinenero zitatu anasanduka bwanji mudzi umodzi? Sikunali mwa lamulo la Boma iai. Mitundu yonse itatu iwerenga mbumba kuchikazi, ndipo mwamuna akakwatira amanga nyumba kwa mkazi. Taonani chimene mwambo umenewu unachita. Mnyamata wa Chilomwe analowa chikamwini pamudzi wa Ayao, nalima munda wa apongozi ake; ana ake anabadwa eni mudzi, ndipo panalibe wakuwafunsa kumene atate wao anachokera. Mlongo wake wa mnyamatayo analandira mkamwini wa Chimang'anja, amene analawa kalongonda tsiku loyamba ali ndi mantha, nazolowera. Akazi anatunga pachitsime chimodzi, nabwerekana mtondo, nachezerana usiku wa kubadwa kwa mwana. Amuna anakumbirana manda. Chinyanja chinakhala chinenero cha pabwalo chifukwa ndicho chimene onse anakhoza kumvana nacho. Mbadwo woyamba unamangidwa ndi tsoka. Wachiwiri unamangidwa ndi ukwati ndi khasu. Ndipo tinene mosabisa kuti panali kutaya pamenepo: alipo pano okalamba amene Chilomwe chao chatsala m'nyimbo za tchopa zokha.

Anansi athu a ku Mbombwe ali ndi umboni wina. John Chilembwe, atabwera kuchokera ku America m'chaka cha 1900, anayambitsa pamenepo Providence Industrial Mission. Amene anasonkhana kwa iye anali Ayao, Amang'anja, ndi Alomwe ambiri a m'minda ya thangata, anthu amene kwina konse anali kuyesedwa manja a ntchito chabe, koma pamenepo anatchedwa abale. Anatsegula masukulu, naumba njerwa, namanga nyumba yaikulu yopemphereramo, imene inatha m'chaka cha 1913. Pa 23 Januwale 1915 kunabuka nkhondo ija muidziwa. Pa 3 Febuluwale Chilembwe anaphedwa, nyumbayo Boma linaigumula, ena anapachikidwa, ena anamangidwa, ena anathawa. Munthu akadaima pabwinja paja akadati, Zatha. Koma m'chaka cha 1926 Dr Daniel Malikebu, amene anaphunzira pamenepo ali mnyamata napita ku America kukaphunzira zaudokotala, anatsegulanso mishoni, ndipo anthu anabwerera. Anali kuti zaka 11 zonsezo? Anali m'midzi mwao, ali kukwatirana, kuikirana maliro, kukumbutsana. Chimene sichinatheke ku Magomero chinatheka ku Mbombwe, pakuti pamenepo mizu inali itatsika kale m'mabanja.

Koma pali mbadwo wachitatu, ndipo ndiwo ife. Mbadwo umenewu ubadwa mudzi uli womangika, nuyesa kuti unali chomwecho chikhalire. Suona chitseko chimene agogo ake analowera, chifukwa chake uchitseka osadziwa. Ngakhale mpingo woyamba wa ku Yerusalemu unakhumudwa pomwepa: utachuluka, akazi amasiye olankhula Chihelene anayamba kuiwalika pogawa chakudya, ndipo anachita kusankha amuna asanu ndi awiri oyang'anira ntchitoyo. Sanakane kuti cholakwa chilipo. Anachipatsa anthu ochikonza.

Tidziwa chimene ena a inu muli kunena mumtima, ndipo si chabodza. Malo achepa. Boma la Chiradzulu linapezeka ndi anthu oposa 350,000 pa kalembera wa 2018, ndipo munda umene agogo analima okha lero wagawika kwa zidzukulu zambiri, aliyense mizere yowerengeka. Mfumu imene inalandira agogo athu inali ndi thengo lakuloza ndi ndodo. Mafumu ali panowa alibe. Sitinena kuti mupereke munda umene ana anu adya. Koma banja lija silinapemphe munda. Linapempha pogoneka mwana, malo a mikono iwiri. Ndipo pakati pa amene anakana panali ife a mpingo uno, amene maina athu a mbumba achokera kutsidya la Mulanje.

Chifukwa chake tikatha kupemphera, akulu a mpingo ndi amai a chigwirizano atsale. Mafumu atilola kukhala nao pansi pa mtengo panjapo, kuti tipangane za manda a mabanja onse amene anadza pambuyo pa namondwe, ndi kulemba amuna ao m'gulu la adzukulu monga amuna ena onse a pamudzi. Tikatero tipite pamodzi kunyumba ya ofedwa aja. Amene ali ndi ufa pang'ono kapena nandolo adze nazo, pakuti chiikire maliro palibe wa ife amene anapondako.