Nyumba ya Mpumulo kwa Odwala Matenda a Maganizo: Mau Olankhulidwa kwa Nthumwi za Sinodi



Nkhani imene ndadza nayo ndi ya abale athu akuluakulu amene adwala nthenda ya maganizo, makamaka a ku Tsvingwe, ku Penhalonga, kumpoto kwa Mutare. Makolo athu anafika kudera limenelo kuchokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi ya golide monga Rezende. Ambiri anasanduka machona. Tsono mwini dziko akatuluka m'chipatala amapita kumudzi, kumene kuli munda ndi abale. Nanga mwana wa mtchona apite kuti? Nyumba ya pakomponi inali ya mgodi. Ntchito itatha, pokhala panathanso.

Chipatala cha Ingutsheni ku Bulawayo chinatsegulidwa m'chaka cha 1908, ndipo kuyambira kale ena amene anapeza bwino akhala akukalambira momwemo chifukwa chosowa wowalandira. Ena amati akatuluka amagona m'misika, amasiya mankhwala, nthenda nkuyambiranso. Chipatala chimapereka mankhwala, koma khomo sichingathe kupereka.

Pa Marko 5 timawerenga za munthu uja wa kumanda, amene anthu anamumanga ndi maunyolo koma osathandiza kanthu. Ambuye atamchiritsa sanamlole kukwera nawo m'ngalawa, koma anamtumiza kwao, kwa abale ake. Kuchira kwake kunakwanira pamene anabwerera pakati pa anthu.

Ena anatitsogolera pa njira imeneyi. Mumzinda wa Geel ku Belgium mabanja akhala akulandira odwala otere m'nyumba zao kwa zaka mazana ambiri, kudya nawo ndi kugwira nawo ntchito, ndipo mwambowo unayambira pa tchalitchi. Kuno kwathu, mu 2006, Dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Mbare, kumene agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi kumvetsera osweka mtima. Agogo otere ndiwo adzaza mipingo yathu.

Chifukwa chake ndipempha Sinodi iganizire za nyumba imodzi ku Tsvingwe, yokhalamo anthu anayi kapena asanu, osapitirira apo, kuti isasanduke chipatala china. Pakhale woyang'anira wokhulupirika, dimba ndi khola la nkhuku, pakuti manja ogwira ntchito amabwezera munthu ulemu. Wokhalamo akhale ndi bedi lake ndi ufulu wotuluka ndi kulowa, asamangidwe, asatsekeredwe. Atumiki aziperekeza aliyense kukalandira mapiritsi kapena jekeseni pa tsiku lake. Athandizenso amene alibe zitupa, popeza malamulo aakulu a dziko a 2013 anazindikira kuti obadwira muno, amene makolo ao anachokera m'maiko oyandikana nafe monga Malawi, ndi nzika za Zimbabwe.

Kwa abusa anzanga ndinena ichi poyera: tisauze wodwala kuti ataye mankhwala chifukwa tampempherera. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana. Zonse ndi mphatso za Mulungu. Ndiponso tileke kufunafuna amene wamlodza, pakuti kutero kumapasula mabanja pamene wodwalayo akugonabe panja.

Alipo amene adzati chuma chathu nchochepa. Nzoona, koma mutu umodzi susenza denga. Mpingo uliwonse utapereka thumba la chimanga pa masika, ndipo Chigwirizano chitagawana masabata okacheza, nyumbayo idzaima. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nthenda imeneyi siopa khomo la mbusa kapena la mkulu wa mpingo.

Ndikupemphani, nthumwi, kuti tisabalalike tisanasankhe komiti yopita ku Tsvingwe kukafuna malo ndi kukambirana ndi a zaumoyo, kuti idzapereke lipoti pa msonkhano wotsatira. Mulungu atitsogolere.