Za Aphunzitsi Aganyu m'Makoleji a Kumidzi



M'chaka cha 2015 Boma lidatsegula koleji ya ntchito zamanja ku Ngara m'boma la Karonga, ndipo ena otere adatsegulidwa m'maboma ena. Tsono popeza mtundu uwu wa sukulu udakhazikika kale ku America, nkoyenera kuti timve za iwo amene aphunzitsa m'menemo.

Kumeneko koleji ya zaka ziwiri idayamba ku Joliet m'chaka cha 1901, ndipo makoleji otere adachuluka pambuyo pa 1947, pamene bungwe loikidwa ndi Pulezidenti Truman lidalangiza kuti maphunziro apamwamba afike pafupi ndi makomo a anthu. Lero aphunzitsi oposa theka m'makoleji amenewa ndi aganyu. Kumidzi, kumene nkovuta kukopa munthu wophunzira kuchokera kutauni, koleji itsamira pa eni dera: namwino wa pachipatala, wowotcherera zitsulo, mphunzitsi wa sekondale amene abwerako madzulo ataweruka. Iwowa adziwa ntchito ndi manja awo, adziwanso mabwana amene adzalemba ana athawa maphunziro.

Koma taonani umo asungidwira. Alipidwa pa phunziro lililonse, pangano lawo ndi la teremu imodzi, ndipo ophunzira akachepa kalasi ithetsedwa, nthawi zina patatsala masiku owerengeka kuti sukulu itsegulidwe. Ambiri alibe chipinda chokomaniramo ndi wophunzira amene zamuvuta. Misonkhano yokonza maphunziro ichitika masana, iwo ali kuntchito zawo zina. Kotero alandira silabasi yophikaphika, wopanda wowafunsa maganizo. Aphunzitsi okhazikika nawonso adandaula, pakuti ntchito ya makomiti ndi yolangiza ophunzira igwera iwo okha, ali owerengeka. Pamenepa ndipo pamera kunyozana pakati pa anthu osenza mtolo umodzi, ndipo wopwetekeka ndiye mwana.

Ndipempha komiti yathu ya maphunziro kuti, pokaonana ndi akulu a koleji, ikanene izi: mmisiri wa kwathu kuno akaitanidwa kukaphunzitsa ukalipentala kapena zomangamanga, apatsidwe pangano lolembedwa, malipiro ake afike pa nthawi yake, ndipo msonkhano umodzi pa teremu uikidwe pa ola limene iye angathe kufikapo.